Tepi ya Anambewe

Ana anga, za ubwana wanga tizisiye. Mwana aliyense amadya, amalira, amakula, palibe chachilendo. Esnati, lemba kuyambira pa ntchito. Ine cholembera ndimachigwira pojambula dzina langa pokha, koma ndinakhala zaka zoposa makumi atatu pakati pa mapepala, ndipo ndikufuna mudziwe chimene ndinkachita kumeneko, poti enanu mumangoti amayi ankakolopa.

Chaka chimene Esnati anayamba kuyenda

Tinkakhala m'zipinda ziwiri kuno ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare, bambo anu akugwira ntchito pa fakitale cha ku Lochinvar. Mayi wina wa ku Tete amene tinkachapa naye pa mpopi umodzi ndiye anandinong'oneza kuti ku yunivesite akufuna okolopa. Ndinakwera mabasi awiri, ndinakaima pamzere. Kapitawo anandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga, ndinati ayi. Amvekere, "Tsache silifuna satifiketi, uyambe Lolemba." Miyezi yoyamba ndinkakolopa makonde ndi zimbudzi. Kenako ananditumiza kunsi kwa laibulale, kumene anzanga onse ankakana chifukwa kunkazizira ngati m'nyumba yachisoni. Antchito tinkangoti ku Sipesho. Kumeneko ndi kosungirako zinthu zimene zilipo chimodzi chokha: makalata a anthu amene anafa kalekale, manyuzipepala, zithunzi, mapu, matepi a mawu. Buku la m'mwamba likasowa amagula lina. La ku Sipesho likasowa, lapita basi.

Woyang'anira anali mayi wachizungu wowonda, magalasi ake ali pachingwe m'khosi. Tsiku loyamba anandipeza nditanyowetsa kansalu ndikuti ndipukute mabuku. Iii, anakuwa ngati ndaika mwana pamoto. Chizungu changa chinali cha inde ndi ayi, iwonso Chishona chawo chinali cha kukhitchini, ndiye anandiphunzitsa ndi manja. Anandipatsa kaburashi kofewa ngati ka ometa ndevu. Buku uligwire lili chitsekere, fumbi ulisesere kunja. Bokosi ukalitsitsa, pamalo pake usiyepo kakhadi. Madzi ndi a pansi pokha, ndipo ndowa isagone m'chipindamo. Manambala a pamabokosi sindinkawawerenga, koma nkhope zawo ndinkazidziwa monga umadziwira mbuzi zako m'khola. Pofika chaka chachiwiri, bokosi likasochera ankafunsa ine.

Zaka za Bambo Marufu

Adona aja atatsatira ana awo kunja, m'malo mwawo munalowa Bambo Marufu, Mshona wa cha ku Masvingo, wamfupi, kapu ya tiyi yosachoka m'manja kupatula polowa m'chipinda cha mabokosi. Tinkalankhula Chishona, ngakhale pano ndikukuuzani m'chinenero chathu. Poyamba ankanditchula Achimwene, mmene anthu a kuno amatitchulira tonse a ku Malawi. Tsiku lina ndinati, "Bambo, achimwene ali ku fakitale. Ine ndine achemwali anu." Anaseka mpaka tiyi kutayikira pa taye, ndipo kuyambira pamenepo ndinali Achemwali mpaka tsiku lopuma.

Adona ankakonda chitseko chotseka. Bambo Marufu ankati pepala losawerengedwa ndi ndiwo za njenjete. Iwo ndiwo anayamba kukokera aphunzitsi kunsi kuja, kuti ana asamangomva za kale pakamwa koma azigwire. Kalasi ikamabwera tinkayala zinthu patebulo lalitali, ine n'kuima pakhomo. Manja asambe, bolopeni atsale panja, alowe ndi pensulo. Ndinkagwira mabanzi m'matumba, chingamu mkamwa. Ana ankati Gogo aja a ku Sipesho amanunkhiza ngati galu wa polisi.

Tsiku lina patebulopo anayalapo zitupa zakale za anthu obwera kudzagwira ntchito, zonga chimene bambo anga ankayenda nacho m'kachikwama ka pachifuwa. Mnyamata wina anachinyamula ndi zala ziwiri, amvekere, "Izi ndi za Mabwidi izi," dzina lotinyozera ife obwera. Anzake gwa, kuseka. Bambo Marufu sanamukalipire. Anangotembenukira kwa ine. "Achemwali, tsamiritsani tsachelo. Tauzani anawa, munthu akapezeka alibe kapepala aka zinkatha bwanji?" Ndinawauza za bambo anga, mmene tsiku lina anachichapira limodzi ndi malaya, n'kukhala masiku atatu osatuluka m'nyumba, amayi akuchiyanika pa chivundikiro cha poto. Pomaliza ine, mnyamata uja anali atachigoneka chitupacho pansi ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo kalasi ikafika pa za anthu athu, ankandiitana.

Chaka chimene masitolo anauma

Chaka chimenecho mukuchikumbukira nonse, sinditaya nthawi ndi za m'mimba. Kombi, minibasi ya kuno, inasanduka ya mabwana. Ndinkayenda wapansi kufika m'tauni, kenako n'kupempha aliyense wolowera cha kuyunivesite. Anzathu ambiri anapita ku Joni, ku Sipesho tinatsala awiri, ine ndi Bambo Marufu. Magetsi akazima, makina oziziritsa chipinda ankaima, ndiye dzinja litafika chinyezi chinalowa. Chuku chinayamba kumera pa zikuto za mabuku, choyera ngati pa chimanga chosungidwa chisanaume. Sopo kunalibe, magolovesi kunalibe. Ndinadula chitenje changa chakale kupanga totseka pamphuno, n'kumatulutsa mabuku asanu asanu kukawapepesa mphepo pakhonde, Bambo Marufu atavula jekete akunyamula nane. Mapepala tinawapulumutsa ambiri. Koma m'kabati ya chitsulo ya pakona munali matepi, ndipo ife mitima inali pa mapepala. Titadzatsegula, ena anali atamera chuku mpaka mkati.

Zaka zitatu ndisanapume

Kunabwera mphunzitsi wa mbiri yakale, Mayi Dube, wachitsikana ndithu, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Ankafuna kuphunzitsa za mmene anthu a ku Malawi ndi ku Mozambiki anamangira Harare, ndipo anamva kuti m'kabati muja muli mawu a anthuwo eni ake. Kalekale mayi wina wachizungu wofufuza ankayenda m'malokeshoni ndi makina ake kujambula nkhalamba zathu. Anagwirizana ndi Bambo Marufu kuti matepi abwino awasamutsire pa kompyuta, owonongeka awaike m'katoni akawotchedwe, chifukwa chuku chimapatsirana. Vuto linali limodzi. Panalibe womva Chichewa cha nkhalamba zija. Mwana wa kuno amene agogo ake anachokera ku Dedza anayesa, anangomvapo moni.

Ndiye anandikhazika pa mpando wofewa, ine wokolopa, n'kundiveka zomvera za m'makutu. Ndinkamva, n'kuimitsa, n'kuwauza m'Chishona, Mayi Dube akulemba. Masabata amenewo anali okoma kuposa onse pa ntchito yanga. Madala akusimba mmene anayendera wapansi kudutsa ku Tete, kugona m'mitengo kuopa mikango, kuwoloka Zambezi pa bwato mtima uli m'mwamba. Wina ankatukwana kapitawo wake amene anafa kalekale, ine kuseka mpaka misozi, Mayi Dube amvekere, "Gogo, musadye nokha, akuti chiyani?"

Linali Lachiwiri masana pamene anaika tepi ina yokhala ndi chuku pang'ono m'mphepete. Poyamba panamveka mayi wachikulire akutsokomola pang'ono, akutchula kwawo ndi mfunda wake. Anali Anambewe, namkungwi wa kuno ku Mufakose, amene anandivina ine chinamwali m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo, mawindo atatchinga ndi mabulangete. Anali atamwalira zaka zambiri. Anasimba pang'ono za ulendo wawo wobwera kuno. Kenako ndinamva chitseko chikutsekedwa, amayi ena akuwomba m'manja, wina akuimba ndowa m'malo mwa ng'oma monga tinkachitira m'lokeshoni kuopa apolisi. Anayamba nyimbo za m'tsimba, ndi kumasulira kwake komwe, mwambo wonse umene amauza namwali. Musandifunse zimene zili mmenemo, m'buku lino sizilowa. Tsiku lotuluka m'tsimba Anambewe anatigwira khutu mmodzimmodzi, amvekere, ukakaulula kwa mwamuna kapena kwa wosavinidwa, amako adzafa. Amayi anga anali atafa kale, koma khutu linali likadawawa.

Bambo Marufu anali ataima pambali panga pomwepa. Mayi Dube pensulo ili m'manja, ndipo sabata yotsatira matepiwa ankakawaulutsa m'kalasi yodzaza anyamata ndi atsikana. "Gogo, bwanji mwangoti chete? Muli chiyani?"

Ndinavula zomvera zija. Ndinati, "Mulibe kanthu. Ndi phokoso lokhalokha, chuku chinadya."

Sanayese n'komwe kumva okha, poti Achemwali sananamepo. Bambo Marufu anaitulutsa, anaiponya m'katoni ya zokawotcha Lachisanu. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kandimverere wake ndinali ine.

Lachitatu la sabata yomweyo

Nditaweruka sindinafikire kunyumba. Ndinapita kumsika kwa Lute, mwana wa Anambewe, amene ankagulitsa tomato ndi kapenta. Ine ndi Lute tinavinidwa tsimba limodzi, n'chifukwa chake timangoitanana iwe, ngakhale tonse imvi zili mbuu. Ndinakhala pa kreti, ndinamuuza zonse motsitsa mawu. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira kuti ndasunga mwambo.

Anasiya kuunjika tomato. "Naphiri, ukuti mawu a amayi anga alipo? Akulankhula?"

"Akulankhula, akuimba, akutsokomola komwe."

"Ndiye iwe wawaponya m'katoni."

"Nanga ndikanatani? Amve anyamata a mathalauza ogwa aja?"

"Ine ndilibe ngakhale chithunzi chawo, chinapsa ndi nyumba ija. Iwe wawamva dzulo, wakhuta, ndiye ukuti awotchedwe." Anapatsa kasitomala kapenta osamuyang'ana n'komwe. "Tandiuza, Esnati wako unamuvina?"

"Anakalangizidwa ku mpingo."

"Anga atatu chimodzimodzi. Zidzukulu zikungoyankhula Chishona. Nyimbo zija ine ndatsala nazo zinayi, mwina zisanu. Iwe?"

Ndinawerenga mumtima. Zinali zosapitirira pamenepo.

"Mzungu wojambula mawu uja ndikumukumbukira," anatero Lute. "Anabwera kangapo amayi akumukana. Tsiku limene anamulola ndinawafunsa, amayi, mwapenga? Anati, inu ana a m'tauni mitu yanu ndi madengu obooka, bola ndisungize m'bokosi. Anamulumbiritsa kuti mwamuna asadzamve. Kaya analemba penapake, kaya sanalembe."

"Ndiye ndikaitenge, aziulutsa?"

"Ukatero amayi adzakutsata kutulo ndi chikuni. Ukaiwotcha ndikutsata ndine, masanasana." Ananditsanulira tomato wofewa m'chitenje. "Unanama wekha, kakonze wekha."

Lachinayi

Njira yachidule inalipo. Katoni inali kuseri kwa chitseko, makiyi ndinali nawo, tepi ndi kanthu kolowa m'thumba la yunifolomu. Ndinaigwira ndithu m'mawa umenewo. Koma zaka zonsezo ndinali ndisanatulutsepo ngakhale kapepala, ndipo kunyumba kuno ikanangofera m'sutikesi, chuku chikupitiriza ntchito yake. Kuulula nako kunali ndi minga yake. Tepi inali ya yunivesite, osati yanga. Ndikangoti ndi yabwino, mphamvu yoletsa ndinalibe. Ndinakolopa chipinda chonse kawiri, kenako ndinakagogoda ku ofesi, ndinaika tepi patebulo, Mayi Dube ali pomwepo.

"Bambo, ndinakunamizani. Tepi iyi ikumveka bwinobwino."

Bambo Marufu anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ndinafotokoza chimene chili mmenemo, osatchula mawu ake. Sanakweze mawu, bola akanakweza. "Achemwali, mawa ndikanaiwotcha ndi manja angawa. Nanga ena aja munati ndi owonongeka?"

"Amenewo ndi owonongekadi."

"Ndidziwa bwanji?"

Mayi Dube maso anali atawala kale. "Gogo, simukuona? Matepi onsewa ndi amuna okhaokha, migodi, mafakitale, mikango. Aka n'koyamba kumva amayi akuphunzitsana okha. Ana anga a m'kalasi ayenera kumva chimenechi. Yunivesite singanene kuti ichi amve atsikana okha, maphunziro ndi a aliyense."

Ndinati, "Mayi, ine sukulu sindinapite, mundikonze ngati ndalakwa. Pa shelefu ya pamwamba kumapeto kuja pali mabokosi atatu omanga ndi chingwe chofiira. Ndakhala ndikuwapukuta fumbi chilowereni ntchito, sindinaonepo munthu akuwatsegula. Chifukwa chiyani?"

Anayankha ndi Bambo Marufu. "Ndi makalata a m'busa wina wachizungu. A kubanja kwake anati asatsegulidwe mpaka ana ake onse atamwalira."

"Ndiye yunivesite inamvera."

"Inamvera. Analemba pepala."

"Anambewe sankadziwa kulemba, ananena pakamwa. Koma banja ali nalo. Mwana wawo akugulitsa tomato ku Mufakose, kombi imodzi kuchokera m'tauni."

Mayi Dube anayamba kunena kuti zimenezo n'zosiyana, koma anaima pakati, n'kuluma pensulo. Bambo Marufu anatsegula kabati, anatulutsa fomu. "Mwana wawoyo abwere Lolemba. Adzanene yekha amene angamve ndi amene sangamve, ine ndidzalemba." Kenako anandiyang'ana. "Koma katoni yonse ija siwotchedwa mawa. Ndiitana munthu wina amvenso matepi onse amene munamva inu."

Anaitanadi abusa ena opuma a mpingo wathu, anakhala milungu itatu pa mpando wofewa uja, ine ndikukolopa mozungulira mapazi awo. Sanapeze bodza lina. Komabe zinandiwawa, ndipo Bambo Marufu anatha miyezi osandiitana kalasi ikabwera. Sindinadandaule. Munthu ukathira mchere wambiri, ndiwo umadya wekha.

Lute anabwera Lolemba atavala chitenje chake cha ku ukwati. Anadinda chala pa fomu, inenso ndinajambula dzina langa ngati mboni. Anagamula kuti chiyambi, pamene amayi ake akusimba za ulendo, amve aliyense. Kuyambira pamene chitseko chikutsekedwa, amve mkazi wovinidwa yekha, ndipo avomereze ndi iye kapena ine. Posamutsira pa kompyuta, mtsikana wa makina anatsitsa mawu mpaka pansi, ankangoona timizere tikuvina. Kenako Lute anati akufuna amve amayi ake. Bambo Marufu anatenga kapu yawo n'kutuluka okha. Mayi Dube anakhala.

"Nanunso mayi," anatero Lute.

"Inetu ndine mkazi, Gogo."

"Mkazi inde. Anakuvinani ndani?"

Anatuluka akuseka, koma kunkhope kukuoneka kuti zawakhudza. Tinakhoma chitseko. Za mmene Lute analirira sindinena, ndi zake.

M'kalasi muja Mayi Dube anaulutsa chiyambi chija. Chitseko chitangomveka kutsekedwa, anaimitsa. Mnyamata wina amvekere, "Madamu, pitirizani, pakoma ndi pamenepa!" Iwo anati, "Apa ndi pamene mwini mawu anatitsekera panja, ine ndi iwe tonse. Lero tikambirana zimenezo. Ndani ali ndi mphamvu yotseka bokosi, ndipo ndani sanafunsidwepo?" Anakangana mpaka nthawi kupitirira, ine ndikudikira ndi tsache pakhomo.

Chaka chopuma

Zaka zoposa ziwiri zinadutsa popanda wopempha tepi ija. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinangoisamutsa kuchoka m'katoni kupita m'manda ena. Ndiye mwezi wanga womaliza, Bambo Marufu anandiitana ku ofesi. Munali mtsikana wa chaka chomaliza, wa ku Hatcliffe, dzina lake Tariro, mfunda wake Banda. Agogo ake anachokera ku Ntcheu, iye Chichewa ankachimva koma poyankha chinkatuluka Chishona. Ankalemba za amayi a m'malokeshoni, ndipo anali atawerenga pa fomu paja kuti chilolezo chili ndi ine.

"Fomu ikuti ndipemphe kwa inu, Gogo. Ndisayine pati?"

"Palibe posayina. Unavinidwa?"

"Ayi."

"Ndiye sungamve."

Anayang'ana Bambo Marufu. Iwo anangokweza manja, amvekere, "Ine ndine wa pakhonde, mwanawe."

Mtsikanayo sanachoke. Anafunsa kuti, nanga munthu amavinidwa bwanji? Ndinamuuza kuti si za tsiku limodzi. Akafunse kaye amayi ake ndi azakhali ake. Akalola, abwere ku Mufakose kwa Lute Loweruka lililonse mpaka ife titakhutira, atavala chitenje, foni atazimitsa, kope atasiya kunyumba. Ndipo zimene akamve, m'pepala lake la mayeso sizikalowa.

"Ndiye ndipindulanji, Gogo, ngati sindilemba?"

"Zimenezo ukadziwa ukatuluka. Tsiku loyamba ubwere ndi nkhuku, namkungwi salangiza ndi njala."

Anatuluka osatsanzika bwino. Madzulo ndinauza Lute, amvekere, "Wa ku yunivesite? Sabwera ameneyo. Komanso ife nyimbo zisanu tikamuuza chiyani?" Ndinati tikayambira pa zisanuzo, zotsalazo akatithandiza ndi amako a m'tepi muja.

Loweruka tinasesa kachipinda ka kuseri, tinapachika mabulangete m'mawindo, tinatsuka ndowa, n'kukhala pakhonde. Dzuwa linafika pamutu. Lute anali atayamba kale kundinyoza pamene kombi inaima pakona. Anatsika mtsikana, chitenje atamanga mokhota ngati wabwereka, kumbuyo kwake azakhali ake. Kumsana anabereka chikwama chake cha mabuku, zipi yosatseka bwino, mutu wa nkhuku uli panja.